Chidendene cha Atelala

Atelala sanapite kusukulu kuja kuti akasewere mpira. Anapita kukayeza ana a kwaya amene anatsala. Mlamu wawo, mchemwali wa amuna awo, ndi amene ankaphunzitsa nyimbo pasukulupo, ndipo anali atawapatsa ntchito yosoka mayunifolomu oti anawo akavale kumpikisano. Choncho Loweruka m'mawa Atelala anatseka shopu yawo, yomwe inali chipinda chakumaso cha nyumba yawo yomweyo, n'kukoleka tepi m'khosi, choko m'thumba, ulendo. Amuna awo anawatsatira pambuyo. Bambowa anthu ankangowatchula kuti a Giya, chifukwa anakalambira pa chiwongolero cha basi, ndipo chipumireni pantchito ankaperekeza aliyense wotuluka pakhomo, ngakhale wopita kukataya zinyalala.

Atafika anawayeza anawo, kenako anapeza kuti linali tsiku la masewera a makolo ndi aphunzitsi. Azibambo anali atagonja kale pa mpira wamiyendo, ndipo anali atakhala pansi pa mtengo akusisita mawondo. Timu ya amayi ya mpira wamanja inkaperewera munthu mmodzi.

"Si awo Atelala! Paja ali mtsikana ankagoletsa osayang'ana n'komwe!" anakuwa mayi wina.

"Ine ndili ndi zidzukulu, anthu inu, ndisiyeni," anayankha Atelala, koma nsapato anali atavula kale. Tepi anawakoleka a Giya m'khosi.

"Mayi, galimoto yokhalitsa pagalaja saiyambira giya yomaliza," anachenjeza a Giya.

"Inu gwirani nsapatozo."

Chigoli choyamba chinalowa bwinobwino. Chachiwiri chinazungulira kaye pachitsulo, n'kugwera m'kati, makolo onse m'mwamba. Aphunzitsi ataona kuti zinthu zavuta, anauza mlamu uja kuti awamamatire Atelala, asawapatse mpata. Mlamuyo anali wamtali ngati mlongoti, ndipo anaima kumbuyo kwawo manja ali tambasu, akuseka. Mpira unabwera chapamwamba. Atelala anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kudzikankha ndi phazi lamanja kuti adumphe. Pompo panamveka kuti thu, ngati ndodo yathyoka, ndipo iwo anapezeka ali pansi, fumbi koboo.

"Alamu! Mwandimenya theche!"

"Ine? Ndakukhudzani n'komwe?"

"Kuchidendene kuno! Ndamva ndithu, nsapato yanu yomweyo!"

"Mulungu akuona, alamu, ine ndinali apa!"

Anthu anaunjikana. Ena anati aonadi mwendo wa aphunzitsi ukugwedezeka, ena anati ayi. A Giya, ataona kuti mbali ina ndi mkazi wawo, mbali ina ndi mlongo wawo, anati iwo nthawi imeneyo ankayang'ana mbalame. Atelala anadzuka okha. Ululu sunali waukulu monga mmene ankayembekezera, ndipo kuima ankaima, koma atati ayende phazi linkangoti phwa, phwa pansi ngati nsapato ya munthu wina. Kunyamuka ndi zala kunakanika. Bambo wina wamphamvu zake anakwinya malaya n'kunena kuti kumeneko n'kubinya chabe, awagwire iye awakoke phazilo libwerere m'malo. Mlamu uja anamuletsa mwaukali, n'kuthamangira ku ofesi kukatenga madzi oundana atakulunga m'kathawulo. Atelala anayang'ana kumbali. Madziwo anawalandira pokhapokha atadzera m'manja mwa a Giya.

Kuchipatala anakumana ndi dokotala wamkazi, wamagalasi, wolankhula mofatsa. Anawauza kuti agone chafufumimba pabedi, mapazi alendewere kumapeto. Anafinya katumba wa mwendo wamanzere, phazi n'kugwedera lokha ngati likuvomera moni. Anafinya wa kumanja, phazi lili duu. Kenako anayendetsa chala kuchokera pachidendene kukwera m'mwamba, n'kuima pamalo pena pamene panali polowa.

"Mayi, apa pamadutsa mtsempha waukulu, wolimba ngati chingwe, umene umalumikiza katumba ndi fupa la chidendene. Mukamanyamuka ndi zala, kudumpha, kapena kukwera masitepe, umakoka ndi umenewu. Wanuwu waduka."

"Waudula ndi mlamu wangayo," anatero Atelala nkhope ili m'pilo. "Anandimenya theche."

Dokotala anamwetulira. "Munamva ngati munthu wakumenyani kumbuyo, mwinanso kaphokoso?"

"Ndendende."

"Ambiri amene mtsempha umenewu wawadukira amanena zomwezo. Wina anabwera kuno akulumbira kuti amugenda mwala, chonsecho m'bwalomo anali yekha. Ukamaduka umamveka choncho. Pakhungu panu palibe chizindikiro chilichonse cha nsapato."

Mlamu, yemwe anali ataima pakhomo atanyamula chikwama cha Atelala, anatsokomola pang'ono. A Giya anayamba kuwerenga mwachidwi chithunzi cha mafupa a phazi chimene chinali pakhoma.

"Komabe anayandikira kwambiri," anatero Atelala.

Atafunsa ngati chingwecho sangangochisoka, poti kusoka ndi ntchito yomwe iwo amaidziwa, dokotala anati ena amawasokadi, koma atawaunika ndi makina anaona kuti phazi likaloza pansi nsonga ziwirizo zikukumana bwino. Anati awaika chikhakha phazi litaloza pansi choncho, kuti thupi lilumikize lokha.

"Thupi nalonso ndi telala, mayi, kungoti silifulumira."

"Ndiye kuti ndi telala weniweni," anatero a Giya. "Mubwere mawa, mubwere mkuja."

Ndodo zoyendera zimene Atelala anapatsidwa tsiku limenelo ntchito yake yoyamba inali kuwaopseza a Giya.

Malamulo anali omveka: phazilo lisaponde pansi, mwendo uzikhala pamwamba, chikhakha chisanyowe, ndipo zala zikayamba kuchita dzanzi kapena kusintha mtundu, kapena katumba akayamba kupweteka modabwitsa, abwerere msanga. Atelala anamvera masiku awiri okha. Tsiku lachitatu anadumphadumpha mpaka m'shopu, n'kuyang'ana mulu wa nsalu yobiriwira imene anali atadula kale. Mpikisano wa kwaya sunali kutali. Makina awo anali akale, opalasa ndi mapazi, ndipo sankafuna kumva za amagetsi chifukwa ankati amathamanga ngati akuthawa ngongole ya eni ake. Anakhala pampando, mwendo wachikhakha n'kuusanjika pa kampando, n'kuyesa kupalasa ndi wamanzere. Wilo linabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka. Anayesanso, zinayenda pang'ono, koma bondo lamanzerelo linali la nyamakazi kuyambira kale, ndipo tsopano linkasenza thupi lonse lokha. Pofika masana linali litatupa ngati mpira, likutentha.

A Giya anawapeza atagwira tsaya.

"Ndiwauze achemwali akapereke kwa telala wina?"

"Nsalu yodula ine akasoke wina? Ndiye ndife kaye."

A Giya anazungulira makinawo akuwayang'ana mmene ankayang'anira basi asananyamuke. Anagwada, mawondo akulira kuti kwetche, n'kusuzumira kunsi. Anaona lamba, wilo lalikulu, ndi chopondera chachitsulo chija.

"Chopondachi chilibe kumaso kapena kumbuyo," anatero. "Inu khalani uko ndi manja, ine ndikhale kuno ndi mapazi."

Anakoka makinawo kuwachotsa kukhoma, n'kuika mpando wina mbali inayo. Atelala anakhala chammbali, mwendo uli papilo. A Giya anavula nsapato, n'kulowetsa mapazi kunsi. Anapezeka atayang'anizana maso ndi maso, pakati pawo pali makina okha. Chikwatiraneni anali asanayang'anizanepo nthawi yaitali choncho, moti onse awiri anayamba kuseka.

"Musandiyang'ane ine, yang'anani wilo. Ndikalizunguza ndi dzanja, inu mulandire. Tiyeni!"

A Giya analandira ngati akukwera chitunda ndi basi yodzaza. Makina analira ngati mfuti, nsalu inathamanga, ndipo Atelala asanakuwe n'komwe, mkono wa malaya unali utasokedwa kukhosi.

"Imani! Imani, bambo inu!"

"Mabuleki ake ali kuti?"

"Mapazi anuwo!"

"Ndiye muzinena msanga. Dalaivala amafuna chikwangwani chisanafike ngodya."

Tsiku loyambalo anamasula zambiri kuposa zimene anasoka. Koma a Giya anali munthu wa makina, ndipo khutu lawo linagwira msanga. Anaphunzira kuti chidendene ndi zala zimasinthana, kuti mphamvu siichokera m'ntchafu koma m'kakolo, ndiponso kuti kolala imafuna kuyenda ngati ukudutsa pamsika. Anagwirizana mawu awo: Atelala akati "msewu" ndiye kuti msoko ndi wautali, athamange, akati "ngodya" achepetse, akati "siteji" aime. Anthu odutsa panja ankamva mawu amenewa n'kusuzumira pawindo, ndipo posakhalitsa ena anayamba kubwera ndi mathalauza oti apindidwe chabe, n'cholinga choti adzaone okha.

M'mawa wa tsiku lachiwiri la ntchitoyo a Giya anatsika pabedi n'kukuwa.

"Mayi, nanenso waduka!"

"Waduka chiyani?"

"Mtsempha! Akatumba onse awiri, mpaka m'misongolo muno. Ngati andimenya ndi mpini."

"Taimani ndi zala."

A Giya anagwira khoma n'kunyamuka ndi zala, akubuula.

"Palibe chaduka. Ndi minofu imeneyo, yadabwa ntchito. Inu mumaona ngati ine ndimangokhala pansi tsiku lonse."

A Giya anaviika mapazi m'beseni la madzi ofunda, n'kupempha tiyi mwaulemu umene Atelala anali asanaumvepo.

Mlamu anali asanaponde pakhomopo chichokereni kuchipatala. Anabwera madzulo ena akuchokera kusukulu, n'kuima pakhomo la shopu, chikwama chili m'khwapa.

"Odi. Ndingalowe, kapena ndiime patali kuti ndisamenye munthu?"

"Siteji," anatero Atelala, a Giya n'kuima. "Lowani, alamu. Mpando uwo."

Mlamu anakhala. Anafunsa za mwendo, anamuyankha. Anafunsa za zala, Atelala anazigwedeza kumapeto kwa chikhakha kuti azione. Kenako nkhani inatha. A Giya anayamba kupukuta wilo lomwe linali loyera kale.

"Alamu," anayamba Atelala akuyang'ana singano, "paja tsiku lija kunali fumbi lambiri."

"Kunali fumbi, ee."

"Munthu sumaona bwino."

"Makamaka zakumbuyo."

Atelala anayesa kulimba nkhope koma zinakanika. Anaseka mpaka misozi, mlamu naye chimodzimodzi, a Giya n'kupuma mpweya umene anausunga kwa masiku.

"Ndinakulakwirani, mayi a nyimbo. Pamaso pa anthu onse aja. Pepani."

"Mukudziwa kuti ana kusukulu akunditcha Mateche? Ndikangolowa m'kalasi onse amabisa miyendo kunsi kwa desiki."

"Ndiye phindu limenelo, akukuopani. Tengani singano iyi, mabatani akudikira."

Kuyambira tsiku limenelo shopu inali ya anthu atatu. Mlamu ankafika dzuwa litapendeka, n'kumasoka mabatani uku akung'ung'udza nyimbo za kwaya, ndipo a Giya anapeza kuti akamapalasa motsatira nyimbo msoko umayenda bwino. Vuto linali nyimbo imodzi yomwe inkafulumira kumapeto. Masiketi awiri anaonongeka ndi nyimbo imeneyo mpaka Atelala anailetsa.

Kusamba kunali nkhondo ina. Mwendo ankaukulunga m'pepala lapulasitiki, n'kuusanjika pa ndowa yovundikira, a Giya ataima panja pa chitseko akufunsa mafunso. M'kati mwa chikhakha munkayabwa koopsa, ndipo tsiku lina mlamu anawapeza Atelala akulowetsamo singano yolukira. Anawalanda, n'kuwakumbutsa kuti akadzikanda bala m'menemo palibe angalione mpaka litanunkha. Atelala anati mlamu wawoyo kumenya anakana, koma nkhanza ali nazo ndithu.

Mayunifolomu anatha kutatsala tsiku limodzi. Kumpikisanoko Atelala anapita ndi ndodo zawo, n'kukhala kumapeto kwa mzere mwendo uli m'njira. Ana anakwera pansanja atabiriwira onse. Anthu ankamvetsera nyimbo, koma Atelala ankayang'ana mipendero, ndipo a Giya ankawagwedeza ndi chigongono n'kumanong'ona kuti, "Siketi yachitatuyo ndi yanga ija, taonani msewu wake." Kwayayo inakhala yachiwiri. Mlamu anati oweruza analibe makutu. A Giya anati akanakhala kuti amaweruza zovala, bwenzi chikho chili kwawo.

Patapita masabata, chikhakha anachichotsa n'kuwapatsa chinsapato chachikulu chomanga ndi malamba, chokhala ndi timapilo tolimba kunsi kwa chidendene. Nthawi ndi nthawi ankachotsamo kamodzi kuti phazi litsike pang'onopang'ono, mtsempha uzolowere kutalika osaduka. Atelala ataona mwendo wawo koyamba anafuna kulira. Unali wowonda, wotuwa, wosuluka khungu, katumba yense atapita.

"Uwu si wanga. Mwandisinthira."

"Ndi wanu, mayi," anatero mnyamata wa mafizo, wophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo, munthu wansangala amene anawatenga kuyambira pamenepo. "Mnofu ukapanda ntchito umathawa. Tiwuitana ubwerere."

Anawaphunzitsa kuzunguza kakolo, kutola kathawulo ndi zala zakuphazi, kukankha lamba wa mphira, kenako kuima ndi miyendo yonse atagwira mpando. Anayang'ananso bondo la nyamakazi lija n'kuwapatsa zochita zolimbitsa ntchafu, ati bondo limapuma ngati ntchafu ili ndi mphamvu. A Giya, amene ankati angoperekeza, anapezeka nawonso agonekedwa pamphasa ya mafizo akukweza mwendo, chifukwa mnyamatayo anamva mmene mawondo awo ankalirira pokhala pansi.

"Ine sindikudwala, mwana wanga."

"Ndiye tikufuna musadwale, bambo. Kwezani. Musagwire mpweya."

Kunyumba ankapikisana. Atelala ankati a Giya amaba, sakweza mwendo mpaka pamene anauzidwa. A Giya ankati Atelala amathandizira ndi manja. Tsiku limene Atelala ananyamuka ndi zala za mapazi onse awiri, chidendene n'kuchoka pansi mpata wongolowa chala, anaitana msewu wonse kuti udzaone. Wa mafizo anawalola kubwerera pamakina, koma pang'onopang'ono, ndipo misoko yaitali ya makatani inakhalabe ya a Giya, omwe sanafune n'komwe kuchotsa mpando wawo.

Chinsapato chija chitachoka, wa mafizo anati kwa miyezi ingapo asayende chopanda nsapato, ndipo nsapato zawo zikhale zokwera pang'ono kuchidendene, zonse ziwiri, kuti mtsempha usakokeke komanso chiuno chisapendeke. Ndiye m'mawa wina anauyamba ulendo wopita kwa wosoka nsapato wa pangodya, woyamba kuyenda popanda ndodo. Ankaponda mosamala ngati pansi pali mazira. A Giya anali pambali, dzanja lili chire kumbuyo kwa msana wawo, akuthamangitsa njinga ndi agalu omwe. Mayi wogulitsa zipatso anaimba m'manja, ometa tsitsi anatuluka ndi makasitomala awo atameteka mbali imodzi.

Wosoka nsapatoyo anali nkhalamba yosalankhulalankhula. Anamvetsera, anayeza ndi chala, anadula mphira, anamata, anakhomerera. Atelala anavala n'kuimirira, atagwira phewa la amuna awo. Anayenda kufika pakhomo n'kubwerera.

"Bwanji?" anafunsa wosoka nsapato.

"Ngati ndabadwanso."

Koma a Giya ankayang'ana pagalasi losweka limene linali pakhoma, mmene onse awiri ankaonekera. Anawongola msana. Anakweza chibwano. Sizinathandize. Atelala anali atawapitirira, pang'ono pokha, koma moonekeratu.

"Bambo, ndikuona pakati pamutu panu," anatero Atelala mokondwa. "Kodi dazili linayamba liti?"

A Giya anakhala pabenchi mwakachetechete, anamasula zingwe, n'kupereka nsapato zawo zonse ziwiri kwa nkhalamba ija.

"Inunso mtsempha?" inafunsa nkhalambayo.

"Mawondo," anatero a Giya. "Muikemo yokhuthalako."

Nkhalambayo inayang'ana Atelala, Atelala n'kuyang'ana kudenga akudziluma milomo. Kenako inatenga mpeni wake n'kuyamba kudula mphira.